Nyimbo Yomaliza ya Bambo

"Musayatse kaye," anatero mwana wamkazi wa malemu, ataima pakhomo la situdiyo.

Woimba wina amene anali mkatimo anachotsa dzanja pakompyuta. Anali atabwera kudzatenga nyimbo yomaliza imene malemuwo, katswiri wopeka nyimbo, anamukonzera, kuti mawa lake akaipereke ku wailesi.

Khalidwe la bambowo aliyense m'nyumbamo ankalidziwa. Ukangolankhula zakukhosi, iwo ankapendeketsa mutu n'kunena kuti, "Tabwerezanso." Pakatha mwezi, wamva nkhani yako ili m'nyimbo, ikulira m'basi. Mkazi wawo atawaopseza kuti achoka, anthu anavina mawu akewo chaka chathunthu. Mwana wawo wamwamuna atalephera mayeso, anzake ankamuimbira pamsewu. Tisanamizane, chiikireni maliro anthu m'nyumbamo ankapumako bwino. Mayi ankadandaula mokweza osacheuka n'komwe.

Koma mwana wamkaziyu mtima unali m'mwamba. Kuchipatala, poona bambo ake atafookeratu, anawaululira zimene ankadziwa mayi ake okha: mwamuna wake anabereka mwana kunja, koma iye sakutha kumusiya. Ndiye bambowo anangotuluka m'chipatala n'kukadzitsekera mu situdiyo.

"Amayi, ngati anaziikamo, ine ndiyenda bwanji? Apongozi anga akamvere pa wailesi?" anafunsa mayi ake amene anali ataima kumbuyo kwake.

"Nawenso unkawauziranji?" anatero mayi ake. "Munthu amene anaika m'nyimbo ngakhale mkonono wanga!"

"Tonse tinadutsamo," anatero mchimwene wake atatsamira khoma. "Iwe ndiwe ndani? Komanso nyimboyi anamulonjeza kale woimbayu."

"Ine sindinaimve, achemwali," woimbayo anadzichotsamo msanga. "Anangondiuza kuti imeneyi iliza anthu."

Mtsikanayo analowa mu situdiyomo. Anakhala pampando wa bambo ake, wong'ambika m'mbali uja, n'kudina yekha batani loyatsira nyimboyo.

Gitala anayamba pang'onopang'ono, kenako ng'oma zinalowa. Inali nyimbo yokoma, ndipo kukomako n'kumene kunkamuopsa kwambiri. Pamene mawu amayenera kulowa, anamva bambo ake akukoka mpweya pafupi ndi maikolofoni, mpweya wolemera wa munthu wodwala.

"Mwana wanga anandiuza..."

Mawu anathera pomwepo. Ng'oma zinapitirira zokha. Bambowo anatsokomola, mpando unalira, kenako anamveka akudzilankhulira chapansipansi.

"Ayi. Iyi yokha ayi."

Nyimbo inayenda choncho mpaka kumapeto, yopanda mawu.

Mtsikanayo anaseka, misozi ili mbwembwembwe. Anamva thupi lonse kupepuka, koyamba chichokereni kuchipatala kuja.

"Itengeni," anauza woimbayo. "Mawu mukaikemo anu."

"Koma ndiye kukondera kwake!" anatero mchimwene wake, nayenso akupukuta m'maso.

Mayi sanaseke. Anayang'ana maikolofoni ija nthawi yaitali, kenako anaiphimba ndi kansalu kake monga ankachitira mwini wake akamaliza ntchito.

"Zaka zonsezi," anatero, "kani ankatha kudziletsa."