Choko pa Mkono wa a Zubeida

A Zubeida, telala wa pakhonde la sitolo yanga ya nsalu ku Old Town, anatemeka ndi galasi kumunsi kwa chigongono. Bala linapola, koma zala zitatu zinachita dzanzi, singano osaimva. Amuna awo anati makina osokera agulitsidwe. Ine Evelesi pakamwa sipachedwa. Ndinati, "Makina sachoka pano!"

Ndinawaperekeza kuchipatala. Dokotala, a Sophie, anati, "Mtsempha womvera tinaulumikiza, koma uyenera kumeranso. Selo lake limakhala kutali, pafupi ndi msana. Zomangira zimapangidwa kumeneko n'kumayenda m'kati mwa ulusi wake mpaka kunsonga, ndiye umakula milimita imodzi patsiku. Timitsempha tamagazi toudyetsa n'tating'ono zedi, musatipanikize."

"Milimita?" a Zubeida anaseka. "Kuyeza ndiye ntchito yanga."

Lachisanu lililonse ankagogoda mkonowo ndi chala. Pamene panyerenyesa, ndiye kuti mtsempha wafika pamenepo. Ankalembapo ndi choko chawo cha nsalu n'kuyeza ndi tepi. Mzere unkatsika sabata ndi sabata, koma utafika pamfundo ya dzanja unaima. Masabata atatu, choko pomwepo! Sindibisa, ndinachita mantha. Amuna awo anali atapeza kale wogula, a Zikhale a ku Area 3.

Tsiku lina a Zubeida akundithandiza kupinda chitenje ndinaona chinthu. Kakhushoni kobayapo mapini, kamene matelala amavala pamkono, anali atayambanso kukavala pamfundo ya dzanja lovulala lija. Lasitiki yake inali italowa m'khungu.

"Mayi inu! Mtsempha udya chiyani mwaumanga chonchi?"

Ndinatenga sizasi n'kudula. Anandikalipira kuti akavala zaka makumi awiri, ine ndinati akandisumire.

Patatha masabata awiri a Zikhale anabwera ndi galimoto kudzatenga makina. A Zubeida anawapatsa mpando, n'kupinda mkono wa diresi. Anagogoda, anagogodanso, kenaka anadzidzimuka. Choko chinalemba m'chikhatho, kupitirira mzere wakale uja. Ine ndinalulutira mpaka ogulitsa anyezi anatembenuka.

A Zubeida anayala tepi kuchokera pamenepo mpaka kunsonga ya chala, osafulumira.

"Masentimita sikisitini," anatero. "Pepani bambo, mwawononga mafuta. Mubwere pakatha miyezi sikisi ndi nsalu yanu, ndidzakusokereni shati."