Wophunzira Mmodzi wa Sharon

Tsiku lomaliza limene Pemphero anawaona achimwene ake a Felix ali moyo, anali atavala malaya a Pemphero, aja ofiira a kukoleji, atangowatenga pachingwe osapempha. Ankakankha boti, nzimbe ili kukamwa.

"Ndikubwezera mawa, akununkha usipa," anatero a Felix akuseka.

M'mawa mwake mwera unadzuka, ndipo boti linagudubuka pafupi ndithu ndi gombe, anthu akuona ali kumtunda. Odziwa kusambira anatuluka. A Felix, msodzi wa zaka zambiri, sankadziwa.

Pemphero sanabwererenso kukoleji. Anapeza ntchito yosesa mchenga pa loji ina ku Senga Bay, n'kutsegula gulu la pa WhatsApp lotchedwa "Amuna Nafenso". M'menemo ankalemba zowawa: kuti mabungwe onse akuthamangira atsikana, kuti mwana wamwamuna amakumbukiridwa pakafunika wokumba manda. Anyamata ankayankha ndi tizithunzi ta moto.

Chinkamupweteka kwambiri n'chakuti Loweruka lililonse, pamchenga womwe iyeyo wasesa, Sharon ankaphunzitsa kusambira amayi ndi atsikana okhaokha. Sharonyu anaphunzira naye pulayimale, ndipo pakamwa pake panali pakuthwa kuyambira kale.

"Iwe, nyanjayi imamiza akazi okha?" Pemphero anamufunsa tsiku lina, atatsamira tsache.

"Abwana a Amuna Nafenso, mwadzuka bwanji?" anatero Sharon akufinya tsitsi. "Poyamba ndinaitana aliyense. Amuna anabwera, inde. Anakhala pamwala apo n'kumayang'ana miyendo ya anthu, mpaka amayi anasiya kubwera."

"Si onse otero."

"Ifetu nyanjayi timaidziwa polekeza m'mawondo, potsuka mapoto. Boti likagudubuka, mkazi amamira ndi mwana kumbuyo, nsalu itamukulunga miyendo. Zimenezo unalembapo pagulu lako?"

"Koma amene akufa kwambiri ndani?"

Sharon anasiya kufinya tsitsi. "Ndinu. Pamaliro a achimwene ako ndinalipo." Anayambanso kufinya tsitsi lija. "Ndibweretsere amuna ako a pafoniwo. Ndiwapatsa nthawi yawo amayi akamaliza."

Pemphero analengeza pagulu tsiku lomwelo. Tizithunzi ta moto tinazima. Kelvin anati injini ya boti lawo ikuvuta Loweruka. Brian anafunsa ngati kudzakhale fanta. Anwar anati iye amasambira kale, chonsecho mudzi wonse ukudziwa kuti amasamba m'ndowa kuseri kwa nyumba. Wina anangolemba kuti mwana wa kunyanja saphunzitsidwa madzi ndi mkazi, ndipo ameneyo ndiye analandira moto wambiri.

Loweruka litafika, Pemphero anali yekha pagombe, akusesa malo osesa kale.

"Asilikali ako ali kuti?" anafunsa Sharon.

"Ali m'njira."

"Ndiye tiyambe ndi mtsogoleri wawo."

Pemphero anayang'ana madzi, n'kuyang'ana tsache. Nayenso sankadziwa kusambira, ndipo chichitikire maliro aja anali asanapondemo ngakhale chala. Ananena zimenezi motsitsa mawu, koma mayi Rhoda, ogulitsa chambo kumsika wa ku Salima, makutu awo anali akuthwa. Iwo ndi anzawo ophunzira kusambira anali akudzipukuta kuti azipita, koma atamva zimenezi anaima.

"Amayi, lamulo ndi limodzi," anatero Sharon. "Owonerera ayi. Ndinathamangitsa amuna, inunso muzipita."

"Ndani wati tikuwonerera?" anayankha mayi Rhoda akumanganso nsalu m'chiuno. "Tikulowa. Vula malayawo, mwanawe. Nthiti zakozo palibe amene akuzifuna."

Pemphero analowa ngati mbuzi yopita kodibitsa. Madzi atafika m'chiuno anafuna kubwerera, koma amayi anali atamuzungulira kale, akumuseka kuti mwamuna wathunthu akunjenjemera kuposa mwana wa sitandade wani.

"Amuna nafenso, eti?" anatero wina, ndipo onse anafa nacho chiseko.

"Gona chagada," anatero Sharon. "Usalimbane nawo madzi. Yang'ana kumwamba."

Anagona. Manja a mayi Rhoda, okhakhala ndi mamba a nsomba, anali kumsana kwake. Madzi analowa m'makutu, phokoso lonse n'kuzimiririka. Anaganiza za achimwene ake, kuti gombe linali pafupi chonchi, kuti chimene chikanawapulumutsa n'chaching'ono chonchi, kungogona basi. Mkwiyo unamukwera, thupi n'kuuma, ndipo anayamba kumira.

"Puma, mwanawe. Tili pompano."

Anapuma. Anapumanso. Mimba inakwera yokha pamwamba pa madzi.

"Musandisiye, amayi," anatero maso ali kumitambo.

"Takusiya kalekale," anayankha mayi Rhoda ali chapatali, manja ali m'chiuno.

Linali Loweruka, pa 14 Seputembala, 2024.