Khoma la mmisiri

"Bambo a mapasa, lisiyeni khomalo ligone momwe lagoneramo," anatero mkazi wake, matope ali m'mawondo. "Olemba maina a olandira thandizo akubwera Lachinayi. Akapeza nyumba itaima, atidumpha."

Mwamunayo anali mmisiri womanga nyumba, ndipo sanacheuke n'komwe. Madzi osefukira anali atagwetsa khoma la kuchipinda, denga n'kupendekeka. Banja lonse linkagona m'kalasi kusukulu, pamodzi ndi mabanja ena ambirimbiri.

"Ine mmisiri ndikhale manja lende, kudikira kamwana ka cholembera kadzandione ndili pamtetete? Anthu andiseka."

"Kusekedwa sikupha munthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Koma mwamuna akagwira chida chake, makutu amatsekeka, inu. Anatola njerwa m'matope, kuzipala imodziimodzi, n'kumanga ndi dothi poti simenti panalibe. Patatha masiku atatu khoma linaima, lonyowa koma lowongoka bwino.

Telala woyandikana naye, amene nyumba yake inangogumuka pakona, sanasunthe ngakhale njerwa imodzi. Ngakhale nkhuku yofa anangoisiya pakhomo.

"Achimwene, luso lanulo likudyetsani mphepo," anatero akuseka. "Masiku ano wosauka azioneka kusauka kwake."

"Ulesi basi," anayankha mmisiri.

Lachinayi kunabwera atsikana awiri ovala malaya ofanana, wina atanyamula foni, wina kaundula. Kwa telala anajambula, kugwedeza mitu, n'kulemba. Atafika kwa mmisiri anangosuzumira.

"Pano m'pabwinobwino, bambo. Tikulemba nyumba zogwa zokha."

"Inagwa, mwanawe! Ndaidzutsa ndekha. Tagwira, dothi silinaume."

"Foni imajambula zomwe ikuona. Mahema ndi ochepa, ayambe ovutikitsitsa."

"Nanga ana angawa akugona pati?" anafunsa mayi a mapasa.

Mtsikanayo anayang'ana pansi. "Pepani amayi. Tikalemba nyumba yoima, ntchito itithera ifeyo."

Loweruka galimoto inatsitsa katundu pabwalo la sukulu. Maina anaitanidwa mpaka dzuwa kupendeka. Telala anadutsa ndi hema, mabulangete awiri, ndowa ndi thumba la ufa, osayang'ana kumbali. Kenaka aphunzitsi aakulu analengeza kuti makalasi atsegulidwa, aliyense abwerere kwawo.

Mphekesera ndi chinthu choopsa, musamaimvere. Wina ananong'oneza mmisiri kuti olemba aja abweranso Lolemba kudzatola otsala. Anafika kunyumba maso ali psuu, n'kutenga mtengo wautali.

"Mukutani kodi?" anakuwa mkazi wake. "Musatero! Pogona pathu ndi pomwepa!"

"Akufuna yogwa? Aipeza yogwa."

Anakankha kawiri. Dothi losauma silinalimbe. Khoma linapita pansi, ndipo ulendo uno linakoka denga lonse, malata n'kupindika ngati mapepala, mitengo n'kuthyoka.

Lolemba mmisiri anavala malaya ake abwino, n'kukhala pamulu wa njerwa kuyambira m'mawa. Masana anadutsa, olemba aja osaoneka. Madzulo telala anabwera pang'onopang'ono, chipewa chili m'manja, nthabwala zitamuthera.

"Achimwene, kaundula anatseka Loweruka lomwe lija. Galimoto yawolokera kutsidya, akuti kumeneko kwafa anthu."

Mmisiri anayang'ana kumwamba. Mitambo inali itayambanso kuda. Mayi a mapasa anakoka lata limodzi lopindika, kulitsamiritsa pamtengo, n'kulowetsamo ana.