Nkhope ya pa Mzati

Mai Chikho anaima m'galaja la malemu amuna awo n'kumayang'ana mzati wapakati, umene unali udakali wosalala. Makoma anali atakutidwa kale ndi nsungwi, ndipo pamwamba pa kauntala panali kadenga ka udzu. Odutsa ankasuzumira n'kufunsa ngati akumanga khola la nkhuku. Ayi, ankamanga bala ya mowa yotchedwa tiki, ya mtundu wa kuzilumba zakutali, ngakhale eni akewo anali asanaionepo ndi maso.

Amene anaiona anali amuna awowo, omwe anaphika m'sitima zapamadzi zaka zambiri. Akabwera kutchuthi ankasimba za bala ina kudoko lakutali: nsungwi, udzu, mowa wa nzimbe wosakaniza ndi chinanazi, ndi zinkhope zosema zotuzulira maso aliyense wolowa. Anabweretsako chikho chadothi cha nkhope yoteroyo, ndipo mayiwo anachionetsa kwa alendo mpaka dzina linawakanirira. Chikhocho chinasweka tsiku losesa galajalo.

Tsopano ndalama za penshoni zinali kumapeto, zinthu zitatu zikukanganirana zotsalazo: mowa wabwino, mitengo yoti anthu a mumsewumo aikwanitse, ndi zinkhope zija. Popanda zinkhopezo, bala ikanakhaladi khola la nkhuku.

Mlamu wawo, mng'ono wa malemuwo, amene ngakhale ana ake ankamutcha Zotchipa, anabwera ndi yankho m'jumbo. Anasololamo chinkhope cha pulasitiki chofiira psuu.

"Alamu, izi mupeza mulu wonse pa mtengo wa chosema chimodzi," anatero. "Munthu akamwa matambula awiri, thabwa ndi pulasitiki n'chimodzimodzi."

"Nanga asanamwe?"

"Tambula yoyambayo tizimupatsira pakhomo."

Mai Chikho anachigogoda ndi chala. Chinalira ngati beseni.

"Mukufuna zabwino, zotchipa, zokongolanso," Zotchipa anapitiriza. "Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada."

Munthuyo anali womana, koma apa sananame. Mayiwo anaganiza mpaka mutu kutentha, kenaka anadula: mowa ukhale wabwino, matambula akhale wamba kuti mitengo isakwere, ndipo nkhope ikhale imodzi yokha, yosemedwa pamzati womwewo kuti asagulenso mtengo.

Mmisiri wosema atabwera, Zotchipa anamuonetsa zithunzi za zinkhope za tiki pafoni. Mmisiriyo anapukusa mutu.

"Ine zokopera zimandituluka zakufa. Ndimasema za m'makutu. Mayi, chikho chanucho chinkaoneka bwanji? Tsinzinani, mundiuze."

Mai Chikho anatsinzina. Anadabwa kuti akukumbukira zambiri chotero.

"Mphuno yotambalala, yopindikira pang'ono kumanzere. Mano aakulu, mpata pakati. Diso limodzi lochepa, ngati likubisa nthabwala."

"Makutu?"

"Oimirira. Lakumanja lili ndi kachipsera."

Atatsegula maso anadzifunsa ngati chikho chimakhala ndi chipsera pakhutu, koma mmisiri anali atayamba kale kulemba mzati ndi khala.

Mmisiriyo sankalola kuonerera. Akaweruka ankakulunga mzati ndi saka n'kumanga chingwe. Mayiwo ankatola tizibenthu ta mtengo pansi n'kumatitembenuza, ngati tingawauze kanthu. Tsiku lina dzanja linafika pachingwe, koma anadziletsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsiku lovundukula, saka litagwa, Zotchipa anayamba kuseka. Kusekako kunathera panjira. Anavula chipewa.

"Alamu," anatero chapansipansi, "awatu ndi achimwene."

Analidi iwo. Maso anali otuzuka ndi mano oopsa monga mwa tiki, koma mphuno ija, mpata uja, ndi khutu limene mafuta otentha anawotcha m'khitchini ya sitima, zonse zinali za amuna awo. Chikho chija anali atachiiwala kalekale osadziwa. Chisoni chinawagwira, manyazi n'kutsatira.

"Ndasema zomwe munandiuza," anatero mmisiri, akupukuta sompho yake.

Kukonza kunalibe. Ndalama zinali zitatha, ndipo mzatiwo ndiwo unanyamula denga. Kodi anthu a mumsewumo, amene ananyamula bokosi la bambowo, akanabwera kudzamwa pansi pa nkhope yawo? Ngati akanaopa, penshoni yonse ikanathera m'nsungwi.

Zotchipa anatulutsanso chapulasitiki chija, ulendo uno mosanyada.

"Tikhoza kuwaphimba ndi ichi. Chikukwana bwinobwino."

Mai Chikho anachilandira, nachikweza mpaka pamphuno yopindikayo. Diso lochepa lija linasuzumira m'mbali. Anachitsitsa.

"Munthu anatisimbira bala imeneyi zaka zonse zija. Timuphimbe kumaso tsiku loti aione?"

Zotchipa anabweza chinkhopecho m'jumbo, napumira m'mwamba.

"Ndiye basi, zothira madzi mu mowa zalephereka. Akutiyang'ana."

Mayiwo anaseka misozi ili m'masaya. Panja, munthu wina wodutsa anasuzumira monga mwa masiku onse, nayang'ana mzati, nayang'ananso kachiwiri. Za nkhuku sanafunse. Anavula chipewa, napukuta mapazi pakhomo, nalowa.