Mlandu Umene Makanika Anausiya

Pepala linali patebulo, cholembera pambali pake, koma mkazi wa malemu makanika sanakhale pansi. Ankangozungulira m'nyumba, kutsegula zenera, kulitsekanso. Linali tsiku lachinayi chiikireni mwamuna wake m'manda.

"Alamu, sainani tione zina," anatero mng'ono wa malemuyo. "Kampani yati ipereka malipiro a miyezi iwiri lero lomwe, bola mlandu utsekedwe."

"Akulu anu anagwira miyezi isanu ndi inayi osalandira kanthu."

"Ndikudziwa. Koma mwini mlandu wapita, khoti limvera ndani? Ana akufunika fizi, eni nyumba akubwera Loweruka."

Mayiyo anatuluka pakhonde n'kuimbira mlembi wa bungwe la apantchito, amene ankaperekeza malemu kukhoti.

"Mlandu sunathe ayi, mayi," anatero mlembiyo. "Malipirowo tsopano ndi anu ndi ana. Koma ndisakunamizeni, ukhoza kutenga chaka. Ndipo mukasaina, anzawo asanu ndi mmodzi amene anasuma nawo limodzi agwa mphwayi, poti anawasonkhanitsa ndi amuna anu."

Chaka chathunthu. Anayang'ana nsapato za mwana wake wamng'ono, zoyasama kutsogolo. Analowanso, natola cholembera, nachitembenuzatembenuza m'manja. Kenako anachibweza patebulo.

"Kawauzeni tikakumana kukhoti Lachiwiri."

"Mudzadya khotilo?"

"Ndigulitsa makina anga osokera."

Mlamuyo anapinda pepala mwaukali. "Ndiye ndipatseni bokosi la zitsulo limene akulu anga ankabwera nalo kuchokera kugalaja ya kampani, ndikagulitse. Anthu amene anatidyera thukuta, kuwatengera masipanala si kuba."

Mayiyo analibe mphamvu zotsutsananso. Anakoka bokosilo pansi pa bedi, nalitsegula pamaso pake.

Masipanala anali opukutidwa bwino ndi oyilo, atandandalikidwa kuyambira chaching'ono mpaka chachikulu. Pamwamba panali kapepala kolembedwa ndi dzanja la mwamuna wake, deti lake la tsiku limene malemu anapita kuchipatala.

"Izi ndi za kampani. Zonse zilipo, kupatula namba 13 imene ndinathyola. Ndagula ina. Mukabweze."

Mlamuyo anawerenga kawiri. Anatola namba 13 yatsopanoyo, naiyang'ana nthawi yaitali, naibwezera pamalo pake. Anatseka bokosi, n'kulikweza paphewa.

"Ndikawasiyira pageti," anatero ali pakhomo. "Lachiwiri mwati nthawi yanji?"