Mpando wa Inspekita wa Fumbi

Ntchito yokhazika alendo paphwando la ukwati wa mlamu wake palibe amene anamupatsa telalayu. Anaiputa yekha, ndi pakamwa pake, pamsonkhano wa banja. Anthu anali duu kudikira kuti wina adzipereke, alamu ake awiri, eni madigiri, akuyang'ana zikhadabo zawo ngati aziona koyamba. Iye, mwana ali kubere, anangomva mawu atatuluka kale.

"Tiyeni, tiyeni, nthawi ikutha. Za mipandozo ndisiyireni ine."

Apongozi ake aakazi anamuyang'anira pamwamba pa magalasi. Mayiwa anapuma pantchito ali mphunzitsi wamkulu, koma cholembera chofiira sanachisiye kusukulu, chinkayenda nawo m'chikwama kulikonse. Akabwera kudzaona zidzukulu, moni ankapereka chala chili kale pawindo kufufuza fumbi.

"Ndi anthu 120, mwanangu," anatero. "Si zosoka zipi izi."

"Ndikwanitsa, Amayi."

"Tiona."

Mawu akuti tionawo ndi amene anamubaya. Zaka zisanu ndi chimodzi ali m'banjamo, sanamvepo apongoziwo akunena kuti mwachita bwino. Sukulu anailekezera Fomu 2, mimba ya mdzukulu wawo woyamba itayamba kukana siketi ya yunifolomu, ndipo chiyambire pamenepo ankadziona ngati mwana wokhala kumbuyo m'kalasi, amene aphunzitsi amangomukumbukira wina akasokosa. Tsono apa anati awaonetse. Satifiketi analibe, koma mutu anali nawo.

M'mawa mwake anasesa tebulo lodulira nsalu, n'kujambulapo ndi choko mizere yozungulira khumi ndi isanu, kuimira matebulo a mu holo. Anakhuthula chitini cha mabatani, batani lililonse n'kukhala mlendo. Masiku anayi athunthu makasitomala ankabwera kudzatenga madiresi awo n'kumupeza akukalipira mabatani.

Malamulo ake anali osavuta, ndipo sanawawerenge m'buku lililonse. Okalamba akhale kutali ndi masipika koma pafupi ndi khomo lopita kuchimbudzi. Amayi a makanda akhale m'mbali, potulukira, kuti mwana akayamba nyimbo yake asapikisane ndi kwaya. Pasapezeke munthu wofulatira akwati. Mlendo wobwera yekha umuike ndi wolongolola, asamangocheza ndi foloko. Anthu amene anasiyana ukwati uwaike poti sangaonane ngakhale atatembenuka. Mbeta ndi anyamata osakwatira usawaunjike tebulo limodzi ngati katundu wotsala pamsika, uwamwaze mwanzeru. Ndipo wokonda botolo asakhale pafupi ndi mabotolo, komanso asakhale pafupi ndi maikolofoni.

Zonsezo zinayenda. Chinavuta ndi mayina.

Telala ankawadziwa anthu a m'banjamo kuyambira pakhosi mpaka m'chiuno, poti theka la iwo anawayezapo ndi tepi. Koma mayina? M'banja limeneli aliyense ndi Azakhali, Amalume kapena Achimwene, ndipo azakhali okha analipo asanu ndi awiri. Mtengwa waulemu safunsa munthu wamkulu kuti dzina lanu ndani. Choncho pazaka zonsezi anali atawapatsa ake mayina, a mumtima, oti asamawasokoneze. Papepala la mipando analemba omwewo. Amalume amene sakhuta anali a Mbale Ziwiri. Azakhali odzudzula chilichonse anali a Akadakhala Ine. Kunali a Nthawi Yathu Ija, a Pepani Ndachedwa, a Wailesi Yopanda Batani, a Bondo Langa, a Sindimwa Koma Lero. Abale a kwa mkwati anali ndi mndandanda wawo wa mayina enieni, koma mbali ya mkwatibwi yonse inali yotere.

Atamaliza anapinda pepalalo n'kupatsa mwamuna wake, dalaivala wa lole, amene pa nthawiyo anali kuonera mpira pafoni.

"Bambo a mwana, pambali pa dzina lililonse mulembepo dzina lenileni. Mukatero mukapereke kosindikiza makhadi. Mwamva?"

"Eya, eya."

"Ndati chiyani?"

"Kosindikiza. Ndamva, mayi a mwana."

Mkazi wanzeru akanabwereza funsolo mpira utatha. Telala wathu anali wanzeru pa mabatani.

Tsiku la ukwati anatuluka m'tchalitchi mphete zitangovalidwa, kuti akaone holo alendo asanafike. Analowa monyadira, mwana kumbuyo, chikwama cha matewera paphewa. Holo inali itawala: nsalu zoyera pamatebulo, maluwa pakati, matambula ali ndandanda. Patsogolo pa mbale iliyonse panaima kakhadi kopinda pakati, kolembedwa zilembo zagolide zopotanapotana.

Mayi wokongoletsa holo anamuchingamira akupukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja.

"Asisi, ine maukwati ndakongoletsa ambiri, koma mayina a kwanu ndi okoma. Kodi a Mbale Ziwiri ndi mfumu?"

Telala anatola khadi loyandikira. A BONDO LANGA. Anatola lina. A WAILESI YOPANDA BATANI. Zilembo zagolide, zokongola, zoti munthu n'kukapachika pabalaza. 

Anaimba foni. Mwamuna anayankha ali pakati pa mahutala.

"Bambo a mwana, pepala lija munalitani?"

"Ndinakapereka. Simunati ndikapereke?"

"Munaliwerenga?"

"Ndiwerengerenji ntchito yanu? Ine ndimakukhulupirirani."

"Chikhulupiriro chanucho chatipha. Muli pati?"

"Tikupita kojambulitsa zithunzi. Tifika pakatha ola."

"Muyende pang'onopang'ono. Tayala liphulike ngati n'kotheka."

Anadula foni, n'kumangitsa nsalu yoberekera mwana. Kulira anati alira mawa. Anayamba tebulo lakumapeto, kukokolola makhadi n'kumaponya m'chikwama cha matewera, mwana kumbuyo akuseka poganiza kuti ndi masewera. Tebulo la khumi ndi chisanu, la khumi ndi chinayi, akuthamanga ndi nsapato zazitali zimene anabwereka, akudzitukwana chamumtima. Unati uwaonetse, waonetsadi. Ena amachititsa manyazi banja ndi pakamwa, iwe wachita kusindikiza, m'golide.

Atazungulira chipilala kuti afike tebulo lachiwiri, anaima chilili.

Apongozi ake anali atakhala kale pamenepo. Nsapato zatsopano zinawaluma m'tchalitchi, ndiye anapempha wina kuti awatsogoze. Anali atazivula, mapazi ali pa simenti yozizira, magalasi ali pamphuno, khadi lili m'manja.

"Bwerani kuno, mwanangu."

Anapita. Akanatha akanalowa pansi pa tebulo n'kukhala komweko mpaka ukwati wina.

"Pampando uno, moyang'anizana ndi akwati, ndi pa mayi a mkwatibwi. Si choncho?"

"Ndi choncho, Amayi."

"Ndiye kuti uyu ndine." Anatembenuza khadilo kuti alione. ISIPEKITA WA FUMBI.

"Amayi, ine... linali pepala longoyeserera. Bambo a mwana ndi amene..."

"Mwana wanga ndimamudziwa, ndinabereka ndine. Sanawerengepo pepala mpaka pansi chibadwire." Anatsegula chikwama, n'kutulutsa cholembera chofiira chija. Telala anatsinzina. Atatsegula maso anaona apongozi akukhwatcha mawu oyambawo mosamala n'kulemba pamwamba pake.

"Inspekita. Pali n apa, ndipo i wachiwiriyu ngosafunika. Mukafuna kunyoza munthu, muzilemba molondola."

"Pepani, Amayi."

"Enawo ali kuti?"

Telala anayang'ana chikwama cha matewera.

"Khuthulani."

Makhadi anagwera pansalu yoyera limodzi ndi thewera limodzi ndi kabotolo ka mafuta a mwana. Apongozi anayamba kutola limodzilimodzi, nkhope ili gwa ngati akuchonga mayeso.

"A Mbale Ziwiri. Uyu ndi mlongo wanga. Mwamuchepetsa, ndi zitatu." Anaika pambali. "A Pepani Ndachedwa, mwana wa malemu akulu anga. Mwamuika pati?"

"Pafupi ndi khomo, Amayi, kuti akamalowa asadutse kutsogolo kwa akwati."

"Hmm. A Akadakhala Ine." Analigogoda ndi cholembera. "Mng'ono wanga."

"Eya, Amayi."

"Ameneyu ndiye anasokoneza ukwati wa mwana wanga woyamba, anadandaula kuyambira pemphero lotsegulira mpaka keke. Mwamukhazika ndi yani?"

"Ndi a Nthawi Yathu Ija. Iwo khutu lakumanzere silimva, ndiye azakhali ndawaika kumanzere kwawo. Wina azidandaula, wina azikamba zakale, onse azidzaona ngati akumvedwa."

Apongozi anavula magalasi. Mapewa anayamba kugwedezeka. Telala anaganiza kuti akulira, ndipo anali atayamba kale kugwada pamene anamva kamawu kotuluka m'mphuno, ngati ketulo ikamayamba kuwira. Zaka zisanu ndi chimodzi, anali asanawamvepo akuseka.

"Nanga bambo anu? Khadi lawo lili kuti?"

Limenelo telala anali atalitola mwakabisira patebulopo n'kulikhwinyira m'manja. Analipereka akuyang'ana kudenga.

A KAFUNSENI AMAYI ANU.

Apa ndiye ketulo inawira. Mayi wokongoletsa holo anasuzumira kuseri kwa maluwa kuti aone amene wakomoka. Apongozi anapukuta m'maso ndi kansalu ka patebulo, anawongola khadilo bwinobwino, n'kuliika m'chikwama chawo.

"Ili ndasunga. Tsono tichita bwanji? Alendo ali m'njira."

Funso la ntchito linamubwezera telala nzeru zake. Anatenga khadi limodzi n'kulipinda mobwerera, zilembo zagolide n'kutsekeredwa m'kati, kunja n'kutsala koyera.

"Timate ndi guluu kuti lisatseguke. Silidzaima, koma tiligoneka pambale. Inu Amayi muzilemba mayina enieni, ine ndizikuuzani tebulo. Asisi, guluu muli naye? Tiyeni, tiyeni, nthawi ikutha!"

Atatero anadzigwira pakamwa, pozindikira amene akumulamula. Koma apongozi anali atakoka kale mpando, cholembera chili chire.

Munthu amene walemba malipoti a ana a sukulu zaka makumi atatu salemba mochedwa. Telala ankawerenga dzina la mumtima, apongozi n'kulemba lenileni osafunsa n'komwe kuti ameneyu ndani, ndipo sanaphonye ngakhale mmodzi. Pa a Sindimwa Koma Lero anangoti, "Kutali ndi maikolofoni?" Telala anati, "Kutali kwambiri." Wokongoletsa ankamata, telala n'kumathamangitsa makhadi m'matebulo, nsapato zobwereka atazivula. Hutala woyamba atamveka pageti, khadi lomaliza linali litagona pambale, guluu asanaume.

Phwando linayenda ngati makina othira mafuta. A Bondo Langa anapeza mpando wawo masitepe asanu kuchokera pakhomo, ndipo kwa nthawi yoyamba anakamba nkhani ina osati bondo. A Pepani Ndachedwa analowa anthu akudya, osaonedwa ndi aliyense. Azakhali aja anadandaula za mtundu wa maluwa kwa maola awiri m'khutu losamva, a Nthawi Yathu Ija akugwedeza mutu mokondwa n'kumawayankha za mitengo ya njinga kalekale. Alendo ena anayamikira kuti makhadi olemba pamanja ndi aulemu kuposa osindikiza. Mmodzi yekha ndi amene anayamba kukanda m'mphepete mwa khadi lake ndi chikhadabo, koma telala anafika msanga n'kumuikirapo mbale ya nyama.

Nthawi yonseyi iye anali chiimire pafupi ndi chipilala, akugwedeza mwana. Poyamba ankadziuza kuti waima kuti aziyang'anira. Miyendo itayamba kuwawa anayang'ana uku ndi uku kufuna mpando wake, ndipo m'pamene choonadi chinamufika. Mabatani anali 120. Anawerenga katatu konse. Mwamuna wake anamuika, mwana wake wamkulu anamuika patebulo la ana, ngakhale wojambula zithunzi anamupezera malo. Amene ankagwira mabataniwo ndi amene analibe batani.

Woperekera zakudya anamugwira pamkono. "Akukuitanani mayi a mkwatibwi."

Pa tebulo lachiwiri panali pataonjezedwa mpando, pakati pa apongozi ndi mlamu wake wa digiri, amene anachita kusendeza mbale yake. Pambale yatsopanoyo panagona khadi loyera, lolembedwa ndi cholembera chofiira.

A TIYENI TIYENI.

Telala analiwerenga kawiri. "Amayi, ameneyu ndani?"

"Khalani pansi. Mumaganiza kuti wodziwa kutcha mayina m'banja muno ndinu nokha? Limeneli lili ndi zaka zisanu. Anayambitsa ndi amuna anu."

Anayang'ana kumene kunakhala dalaivala wa lole. Iye anakweza botolo la zakumwa n'kumumwetulira, wosadziwa chimene chikumudikira kunyumba.

"Onse amalidziwa?"

"Mpaka abusa."

Mlamu wake anayang'ananso zikhadabo, koma milomo ikunjenjemera. Apongozi aamuna anaweramira kwa telala n'kunong'ona kuti iwo za dzinalo sanatengeko mbali, ngati akufuna umboni afunse amayi akewo.

M'munsi mwa khadilo munali tizilembo tina tating'ono, totsekeredwa m'kamzere kozungulira: 9/10.

"Imodziyo ndalakwitsa pati, Amayi? Sipelo ija?"

"Sipelo ndakukhululukirani. Mwaiwala mlendo mmodzi, ndipo ndi amene wagwira ntchito yonse. Bweretsani mwanayo kuno, mudye."

Anamasula nsalu n'kupereka mwana. Anakhala. Mpando unali wapulasitiki wamba, wobwerekedwa kukhitchini, wopanda riboni, koma msana wake unaulandira ngati sofa. Anaona chala cha apongozi chikuyenda chokha m'mphepete mwa tebulo, mwachizolowezi, kenaka chinaima panjira n'kubwerera kukagwira phazi la mdzukulu.

Kutsogolo, anyamata onyamula keke anali ataima pakhomo la khitchini, akukambirana kuti ayambe ndani, mpeni atauiwala patebulo lina. Telala anaona zonsezo. Khosi linatalika, mpweya unalowa, milomo inatseguka.

"Tiye..."

Tebulo lonse linatembenuka kumuyang'ana, maso akuwala, likudikira.

Anatola foloko, anabaya mbatata, n'kuitsekera m'kamwa.