Chimene Mayi Esnart Anakulunga M'chitenje

Kodi mlimi wa kumudzi angapereke mphatso yanji kwa mlendo wochokera kutsidya kwa nyanja, mpaka bungwe lalikulu la mayiko ambiri n'kusintha malamulo ake? Nkhuku kodi? Mtedza? Yesani kuganiza pamene mukuwerenga.

Mayi Esnart ndi amuna awo, bambo Yakobe, amalima maekala awiri kufupi ndi Mitundu. Kalabu yawo inkalandira mbewu ya chimanga yocha msanga kuchokera ku bungwe lina la mayiko ambiri. Mbewuyo inali yabwino, koma inkafika mu Januwale, anthu atapalira kale. Zaka ziwiri banjali linabzala mochedwa n'kukolola zochepa. Chaka chachitatu linangobzala chimanga cha makolo, koma mvula inadula msanga ndipo chinafota chisanakhwime.

Chaka chilichonse mu Meyi alendo a bungwelo ankabwera kudzaona alimi. Makalabu a ku Mitundu ndi a ku Nathenje ankasonkhana pabwalo la sukulu, amayi n'kuvina, ndipo mlimi mmodzi ankasankhidwa kuti athokoze. Ulendo uno anasankha mayi Esnart.

“Mukangothokoza basi, mayi a Dorika,” anatero bambo Yakobe kwa akazi awo. “Mukakadandaula atichotsa m'kaundula wa olandira mbewu. Ndiye tidzadya chiyani?”

“Nanga panopa tikudya chiyani, bambo?” anayankha mayi Esnart, akuloza nkhokwe.

Tsiku lomwelo masana kunadutsa bambo Matthews, mlangizi wa zaulimi. Mayi Esnart anawaimitsa.

“Alangizi, kodi anthu amenewa sadziwa kuti kuno timabzala mu Disembala?”

“Angadziwe bwanji, mayi? Ine ndimalemba malipoti, koma iwo akabwera amamva nyimbo ndi mawu othokoza okhaokha. Amabwerera akukhulupirira kuti zonse zili bwino.”

Bambo Matthews anatsamiritsa njinga pamtengo n'kufotokoza. “Bungweli linakhazikitsidwa kalekale, mvula ikadali yodalirika. Lamulo lake limati mbewu isagulidwe mpaka komiti ya kulikulu itavomereza, ndipo komitiyo imakumana mu Novembala. Mipando yambiri ya m'komitimo ndi ya mayiko opereka thandizo. Mlimi mulibe ndi mmodzi yemwe. Nyengo yasintha, koma lamulo likadali lomwe lija.”

Bambo Yakobe anaseka. “Ndiye ife tisinthe lamulo la kunja? Ife amene tikulephera kusintha mtengo wa minibasi ya ku Lilongwe?”

“Simuli nokha, bambo. Mayiko ambiri, makamaka a kuno ku Africa, akunena kuti mabungwe otere akonzedwenso, kuti olandira thandizo nawonso azikhala ndi mawu. Chaka chino bungweli likufunsa maganizo a anthu. Chimene likusowa ndi umboni. Ndipo palibe lamulo lochotsa munthu m'kaundula chifukwa chonena zoona.”

Tsiku la msonkhano linafika. Mlendo wochokera kulikulu anakhala pampando wakutsogolo, pambali pake pali mayi Masozi a ku ofesi ya ku Lilongwe, amene ankamasulira. Amayi atamaliza kuvina, mayi Esnart anaimirira. Anathokoza mwaulemu monga mwa nthawi zonse. Kenako anagwada n'kuika patebulo kanthu kokulunga m'chitenje.

Mlendoyo anamwetulira, akuganiza kuti ndi mtedza. Mayi Masozi anamasula chitenjecho n'kuwerenga chamumtima zimene zinalembedwa pa kanthuko. Bambo Yakobe anazolika.

“Mayi, ndimasulire zimenezi?” ananong'ona mayi Masozi.

“Masulirani monga mmene zalembedwera, achemwali.”

Mlendo atamva, anasiya kumwetulira. Anafunsa ngati vutoli linali la banja limodzi lokha. Kenako bambo Gilibati, wapampando wa kalabu ya ku Nathenje, anaimirira atagwira chipewa m'manja.

“Kwathunso n'chimodzimodzi, bwana.”

Manja anayamba kukwera, limodzi, atatu, mpaka bwalo lonse. Lomaliza kukwera linali la bambo Yakobe.

“Nanga bwanji zaka zonsezi simunanene?” anafunsa mlendoyo.

“Timaopa kuti mungasiye kubwera,” anatero mayi Esnart. “Ife timavinira mlendo chifukwa ndi ulemu wathu. Sikuti takhuta ayi.”

Mlendoyo anapempha kutenga mphatsoyo, ndipo anakaiika patebulo pa msonkhano wa kulikulu. Kumeneko nthumwi za mayiko ena zinanena kuti alimi awo akuvutika ndi kuchedwa komweko.

Zinthu sizinasinthe tsiku limodzi. Chaka chimenecho mbewu inachedwabe, ndipo anthu ena ankawaseka mayi Esnart pamsika wa pa Mitundu. Koma chaka chotsatira uthenga unabwera. Ofesi ya ku Lilongwe inapatsidwa mphamvu yodzigulira mbewu mu Seputembala, ndipo m'komiti ya kulikulu munaikidwa mipando iwiri ya oimira alimi. Mbewu inafika mu Okutobala. Dzina la banja lija linali likadali m'kaundula. Anabzala ndi mvula yoyamba, ndipo nkhokwe inadzaza.

“Ndinkadziwa ine kuti zitheka,” anatero bambo Yakobe pokolola.

“Ee, ndinakuonani mukudziwa mutazolika,” anayankha akazi awo.

Phunziro lake ndi ili: mabungwe a mayiko ambiri ayenera kusintha kuti agwirizane ndi mavuto a masiku ano, ndipo olandira thandizo ayenera kukhala ndi mpando pamene pakupangidwa malamulo. Koma sangasinthe ngati ife tibisa vuto poopa kutaya thandizo. Tizithokoza, komanso tizinena zoona, ndi umboni m'manja.

Nanga m'chitenje muja munali chiyani? Munali paketi ya mbewu ya bungwelo, yosatsegula, ndipo mayi Esnart anali atalembapo ndi cholembera: “Mvula inayamba pa 4 Disembala. Mbewuyi inafika pa 19 Januwale.”